Phale la ku China pa Mankhamba ndi kabokosi ka ku Limoges

Pamene Yusuf Juwayeyi, katswiri wa dziko lino wofukula zakale, anakumba pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, nthaka inapereka zimene munthu angayembekezere pamalo pamene panali likulu la Kalonga wa Amaravi: mapale a mbiya osawerengeka, mafupa a nyama zimene anthu ankadya, makoza a minyanga ya njovu, zitsulo, mkuwa ndi mikanda yagalasi. Koma pakati pa mulu wonsewo panapezekanso tizidutswa tochepa tosiyana ndi phale lililonse la kwathu kuno. Tinali toyera mpaka mkati, tolimba ngati mwala, tosamwa madzi. Akatswiri atatiyesa anapeza kuti ndi zidutswa za mbale zoumbidwa ku China m'zaka za m'ma 1500, za mtundu umene Azungu amautcha porcelain.

Zaka zimenezo tizisunge m'mutu. Masiku ano m'masitolo ena a ku Paris, London ndi New York mumagulitsidwa timabokosi ta dothi loyera lomweli, tokwana m'chikhatho, tokhala ndi chivundikiro chomangidwa ndi mkuwa, tojambulidwa pamanja. Timatchedwa ndi dzina la mzinda wa Limoges wa ku France, ndipo mtengo wa kamodzi ungathe kugula mbuzi zingapo pamsika wa kwathu. Alipo anthu amene amatisonkhanitsa mazanamazana n'kutitsekera m'kabati yagalasi. Ogulitsa amasimba mbiri yake ngati kuti lusoli linabadwira m'nyumba za mafumu a ku France. Chikhalirecho pamene wina wa pa Mankhamba ankagwira mbale yake ija m'manja, ku France kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa kuumba mbale yeniyeni yotere, ndipo ku Ulaya konse kunali chimodzimodzi. Panadutsa zaka pafupifupi 200 kuti ng'anjo ya ku Limoges iyake.

Mbale yosweka msanga chotere inayenda bwanji kuchokera ku China kufika m'mphepete mwa nyanja yathu? Panyanja yamchere inabwera pa zombo, monga zinkabwerera nsalu ndi mikanda. Itatsika pagombe, njira yaikulu yolowera kumtunda inali mtsinje wa Zambezi. Ku Sena ndi ku Tete amalonda Achisilamu a kugombe anali ndi misika yawo Apwitikizi asanakhazikikeko m'zaka za m'ma 1530. Kuchokera ku Tete katundu ankakwera pamitu ya anthu, kulunjika kumpoto chakum'mawa, kudutsa m'mapiri amene lero ali m'malire a Mozambique ndi boma la Mwanza. Munthu woima m'dera la Mfumu Nthache n'kuyang'ana zitunda zimenezo akuona khomo lakale la dziko lino. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ananyamuka ku Tete ndi siliva wa ku Chicoa, nafika kwa mfumu yamphamvu Muzura, imene olemba mbiri ambiri amaika mudzi wake chakuno ku Mwanza ndi Neno. Atapuma kumeneko anawoloka Shire, nadutsa dziko la kum'mawa kwa nyanja, ndipo anafika ku Kilwa miyezi iwiri isanathe. Sanalambule njira yatsopano. Anatsata mapazi a anthu amene ankaidziwa kale, ndipo m'midzi ya m'njira anapeza anthu odziwa mtengo wa nsalu ndi mikanda.

Tisabise chimene chinkalipira katundu ameneyu. Pa Mankhamba panapezeka minyanga yambiri yosemedwa ndi yodulidwa, ndipo ndi njovu zimene zinkagula mikanda ndi mbalezo. M'zaka za pambuyo pake, makamaka za m'ma 1800 pamene a Jumbe anakhazikika ku Nkhotakota, pamtengowo panawonjezeka anthu. Chinthu chokongola chimene chinakwera kuchokera kugombe chinali ndi mnzake amene anatsikira kugombe, ndipo mnzakeyo nthawi zina anali mwana wa munthu.

Kugombeko mbale za ku China zinali ndi ulemu woposa wa chiwiya chodyera. Ku Gedi, ku Mambrui ndi ku Kunduchi, amisiri ankazimatirira m'zipilala za manda a anthu olemekezeka, ndipo m'mizikiti ina ankazikongoletsera khoma la kutsogolo mozungulira mihirabu. Mpaka lero m'makoma ena akale mumaoneka maenje ozungulira pamene mbalezo zinali. Ngakhale mawu enieniwo anasunga mbiri. M'Chiarabu dothi loyerali limatchedwa sini, kutanthauza cha ku China, ndipo mawu a Chiswahili akuti sinia, mbale yaikulu imene timazungulira podya mpunga pa Idi, ndi a banja lomwelo. Aswahili amatchanso mbale zotere kuti za kauri, dzina la tinkhono toyera tosalala ta m'nyanja yamchere. Chodabwitsa n'chakuti Ataliyana nawo anaganiza chimodzimodzi: mawu akuti porcellana, kumene kunachokera porcelain, poyamba linali dzina la kankhono komweko. Anthu awiri otalikirana anayang'ana mbale imodzi, ndipo onse anaona chigoba cha nkhono.

Oyamba kuyesa kulanda chinsinsi cha ku China sanali Azungu. M'zaka za m'ma 800, nthawi ya mafumu a Abbasi ku Baghdad, zombo za ku Basra ndi Siraf zinkafika ku China n'kubwerako zitadzaza. Chimodzi mwa zombo zotere, chosokedwa ndi zingwe m'malo mwa misomali, chinamira pafupi ndi chilumba cha Belitung ku Indonesia cha m'ma 830, ndipo pamene chinapezeka mu 1998 munali ziwiya zadothi pafupifupi 60,000. Oumba a ku Basra ataona mbale zoyerazo anazisirira, koma dothi lawo linali lachikasu ndipo ng'anjo zawo sizinkafika pamoto wa ku China. Anachita zimene mmisiri wanzeru amachita akasowa chipangizo: anasakaniza chitsulo chofewa chotchedwa tini m'madzi a galasi opaka pamwamba pa mbale, ndipo mbaleyo inatuluka m'moto itavala zoyera. Pazoyerapo analembapo ndi utoto wabuluu wochokera ku mwala wa cobalt. Patapita zaka mazana angapo, Atchaina a ku Jingdezhen anayamba kuitanitsa cobalt wa ku Persia, naumba mbale zazikulu zoyera ndi zabuluu zoyenera anthu odyera pamodzi, zimene ankagulitsa m'mayiko Achisilamu. Utotowo anautcha buluu wa Asilamu. Luso la ku Basra nalo linayenda ulendo wake, kudzera ku Egypt ndi ku Andalusia, kufika ku Italy, ndipo pomalizira pake ku France. Choncho Afalansa asanaumbe porcelain, ankadyera m'mbale zimene kholo lake linali mmisiri wa ku Iraq.

Ku Ulaya chinsinsi chinaululika mu 1708 ku Saxony, kumene mfumu Augustus inatsekera mnyamata wina, Johann Friedrich Böttger, amene ankadzitama kuti angathe kupanga golide. Golideyo sanaoneke, koma pogwira ntchito ndi katswiri Ehrenfried von Tschirnhaus anatulukira dothi loyera, ndipo fakitale ya Meissen inatsegulidwa mu 1710. Afalansa anali ndi nzeru yake papepala, pakuti wansembe wawo wina wokhala ku China, François Xavier d'Entrecolles, analemba makalata awiri, mu 1712 ndi mu 1722, ofotokoza mmene a ku Jingdezhen ankagwirira ntchito. Chimene analibe ndi dothilo. Dzina lake ndi kaolin, kuchokera ku phiri la Gaoling kumene Atchaina ankalikumba. Polisowa, mafakitale a ku Saint-Cloud, Chantilly, Mennecy ndi Vincennes, imene inasamukira ku Sèvres mu 1756, ankaumba chofanizira chabe, chosakaniza ndi galasi lopera, chofewa moti mpeni unkachikanda.

Timabokosi tija tinayambira m'mafakitale amenewa, ndipo chimene chinatibala ndi fodya. Chiyambire pamene kazembe Jean Nicot anatumiza fodya kunyumba yachifumu ya ku France cha m'ma 1560, kufwenkha kunakula mpaka kukhala chizindikiro cha munthu wapamwamba. Pofika m'zaka za m'ma 1700 bwana aliyense ndi dona aliyense ankayenda ndi kabokosi kake, ndipo mafumu ankapatsa akazembe timabokosi tagolide monga mphatso ya boma. Fodya wopera amafuna chotengera chotseka bwino kuti asaume ndiponso asatayikire m'thumba. Apa ndi pamene woumba anakumana ndi wosula: dothi silingapange chotsekera cholimba palokha, choncho m'milomo ya kabokosi ndi ya chivundikiro chake ankaikamo mkombero wa siliva kapena mkuwa. Kenaka kunabwera tina tosungira singano, tina maswiti, tina mankhwala onunkhira, tina timadontho takuda ta nsalu timene akazi ankamata kumaso podzikongoletsa. Makolo athu akanamvetsa msanga nkhawa ya ofwenkha a ku Paris, poti ndi iwo ananena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Dothi lenileni linapezeka mu 1768 ku Saint-Yrieix-la-Perche, makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa Limoges. Anthu a kumeneko amasimba kuti mkazi wa dokotala wina, Jean-Baptiste Darnet, ankachapira zovala dothi loyera loterera limene ankalitapa pafupi ndi kwawo, ndipo mwamuna wake ndiye analitengera kwa odziwa. Nkhaniyi ingakhale yokometsedwa, koma ikumveka ngati yoona kwa ife amene timadziwa kuti m'mudzi munthu wodziwa pamene pali dothi labwino ndi mayi. Mu 1771, molimbikitsidwa ndi Turgot amene ankayang'anira chigawocho m'malo mwa mfumu, fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Limoges, ndipo mu 1784 mfumu inaigula n'kuiphatikiza ndi ya ku Sèvres. Dera limenelo linali losauka, koma linali ndi zinthu zitatu zimene ntchitoyi imafuna kuwonjezera pa dothi: nkhalango za nkhuni, mtsinje wa Vienne woyandamitsirapo nkhunizo ndi kuzungulitsa mphero zoperera miyala, ndi anthu ambiri ovomera malipiro ochepa. Amene anakulitsa malonda ndi David Haviland wa ku New York, amene anakhazikika ku Limoges mu 1842 nayamba kutumiza mbale ku America mwaunyinji.

Tsopano tione mmene kabokosi kamodzi kamabadwira, pakuti apa ndi pamene pali mtengo wake weniweni. Zipangizo ndi zitatu. Pafupifupi theka ndi kaolin, ndipo theka linalo amagawana nsangalabwi yoyera yopera ndi mwala wotchedwa feldspar. Kaolin ndiye mafupa, amene amaimika chinthucho kuti chisagwe pamoto. Feldspar amasungunuka n'kulowa m'timipata tonse, ndipo ndiye amachititsa kuti kuwala kudutse. Zonsezi zimaperedwa ndi madzi mpaka kukhala phala losalala ngati la mwana wakhanda, ndipo amalidutsitsa pa maginito kuti achotse kachitsulo kalikonse, chifukwa kachitsulo kosaoneka ndi maso kamatuluka m'ng'anjo katasanduka banga lakuda.

Mmisiri woyamba amasema chifanizo cha kabokosiko, kaya ndi dzira, chipatso, nsapato kapena nyumba, ndipo amachisema chokulirapo dala, podziwa kuti moto udzachichepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Pachifanizocho amapangirapo chikombole cha ufa woyera uja umene kuchipatala amamangira chikhakha. Ufa umenewu ukauma umamwa madzi. Akathira phala m'chikombole, khoma lake limayamwa madzi, dothi n'kumamatirira m'mbali pang'onopang'ono. Wothirayo amadikira mphindi zowerengeka, kenaka amakhuthula phala lotsala, ndipo chimene chatsalira m'mbali ndicho kabokosi. Akafulumira, khoma limapyapyala n'kusweka. Akachedwa, limanenepa, kabokosi n'kutuluka kolemera ngati mwala wa gulaye. Akakachotsa amakapala mizere ya chikombole ndi kampeni, n'kukasalaza ndi siponji yonyowa, monga mayi wa kwathu amakulungizira mphika.

Moto woyamba ndi wa madigiri ochepera pang'ono 1,000. Kamatuluka kolimba koma komwa madzi, ndipo amakaviika m'madzi a galasi kamodzi kokha, mothamanga, ndi dzanja lozolowera. Moto wachiwiri ndi umene umasiyanitsa porcelain ndi chiwiya china chilichonse chadothi: madigiri pafupifupi 1,400. Moto wa nkhuni ndi makungwa umene timawotchera mbiya pabwalo sufika ngakhale pa 1,000. Pamoto woterowo dothi limafewa, limatsala pang'ono kusungunuka, ndipo galasi la pamwamba limalumikizana ndi thupi kukhala chinthu chimodzi. Zambiri zimapindika kapena kung'aluka pamenepa. Kale, pamene ankasonkhezera nkhuni ndi malasha m'ng'anjo zazitali ngati nyumba yosanja, wosonkha moto ankakhala maso usana ndi usiku, akuweruza kutentha ndi mtundu wa lawi. Imodzi mwa ng'anjo zimenezo, ya Casseaux, idakalipo ku Limoges ndipo anthu amakaiona.

Wojambula amalandira kabokosi koyera mbee. Utoto wake ndi ufa wa miyala ndi zitsulo wosakaniza ndi mafuta, ndipo vuto lake n'lakuti mtundu umene akuona pabulashi si umene udzatuluke m'moto. Golide amapakidwa akuoneka wakuda. Mitundu ina imapirira moto waukulu, ina imapserera, choncho amayamba ndi yopirira, n'kuwotcha, n'kupakanso ina, n'kuwotchanso pamoto wocheperako, mwina katatu kapena kanayi. Pansi pake amalembapo mawu a Chifalansa akuti peint main, kutanthauza kuti kajambulidwa pamanja. Womaliza ndi wosula. Popeza moto suchepetsa timabokosi tiwiri mofanana, palibe mkombero umodzi wokwana ponseponse. Amadula mkuwa, kuupinda motsata milomo ya kabokosi kameneko, kuwotcherera mahinjesi ndi kokowera, n'kuyesa mpaka chivundikiro chitseke ndi kaphokoso kakuti thwa. Akapanikiza kwambiri, ntchito ya anthu asanu amene anamutsogolera imathera pansi.

Manja amenewa sanali kulemekezedwa nthawi zonse monga amalemekezedwera m'mabuku a ogulitsa. Fumbi la nsangalabwi linkawononga mapapo a opera ndi osalaza, ndipo mtovu wa mu utoto unkadwalitsa ojambula. Mu 1905 antchito a m'fakitale ya Théodore Haviland ananyanyala ntchito pokana kapitao amene ankamuneneza kuti amazunza akazi a m'chipinda chojambulira. Eni mafakitale anatseka zipata, boma linatumiza asilikali, ndipo pa 17 April mnyamata wojambula mbale, Camille Vardelle, anawomberedwa n'kufa. Osonkhanitsa timabokosi sakonda kumva zimenezi. Amakonda nkhani za makalata achikondi obisidwa m'chivundikiro. Kunena zoona, timabokosi tambiri totchedwa ta Limoges timene tili m'makabati lero si ta nthawi ya mafumu ayi. Ndi ta m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1900, pamene amalonda anaona kuti Amereka angagule, nayamba kuitanitsa ta maonekedwe a galu, keke ndi nsanja ya Eiffel. Ena mwa iwo ndi okongoladi. Ambiri, m'kuona kwathu, ndi luso lalikulu lotayidwa pa zidole.

Pali mfundo ina imene ogulitsa sanena mokweza. Migodi ya ku Saint-Yrieix inaleka kale kudyetsa mafakitale, ndipo kaolin wambiri amene akuumbira lero amachokera kwina. Komabe dzina la Limoges silinagwe. Pamene ziwiya zotsanzira zinachuluka, zina zoumbidwa ku Asia n'kudindidwa dzinalo, boma la France linakhazikitsa lamulo mu 2017 lakuti chiwiya chitchedwe porcelain wa ku Limoges pokhapokha ngati chaumbidwa ndi kukongoletsedwa m'chigawo cha Haute-Vienne. Lamulolo silinateteze dothi, poti dothilo n'lobwera. Linateteza anthu odziwa kuthira, kuwotcha ndi kujambula. Ndipo mbiri ili ndi nthabwala zake: amene anayamba ndi kutsanzira China lero akudandaula kuti akutsanziridwa.

Tibwerere kwathu. Chotengera chaching'ono chokondedwa si chachilendo kwa ife. Agogo athu anali ndi tinsupa ta fodya ta mphonda, ta nyanga ndi ta nsungwi, tina tokulungidwa ndi waya wamkuwa, tina tovekedwa mikanda, ndipo kupatsana fodya kunali chiyambi cha moni ndi cha milandu. M'nyumba zathu za kunyanja munalinso kabotolo ka wanja, kambale kofukizira lubani ndi kabokosi kosungira ndolo ndi chipini. Za fodyayo sitikumuyamikira, ndipo mashehe athu ananenapo kale. Tikunena za chotengeracho. Zambiri mwa zinthu zimenezi zinatayidwa pamene mwini wake anamwalira, ndipo zimene zinapulumuka zili m'nyumba zosungira zakale za ku Ulaya, kumene zalembedwa dzina la mtundu koma osati la mmisiri. Kabokosi ka ku Limoges kali ndi chidindo cha fakitale, ndipo kawirikawiri zilembo za dzina la wojambula. Kansupa ka agogo kanalibe chidindo, ndipo ife amene tinkadziwa wosema wake sitinalembe.

Nako kuumba ndi kwakale kuno kuposa mmene ambiri timaganizira, ndipo maina amene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi a midzi yathu yomwe. Mbiya za alimi oyamba kusula chitsulo kumwera kwa nyanja, zaka zoposa 1,500 zapitazo, zimatchedwa za Nkope, potsata gombe la m'boma la Mangochi kumene Keith Robinson anazifukula. Za nthawi ya Amaravi, zimene zinadzaza pa Mankhamba, zimatchedwa za Mawudzu. Za m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, zopyapyala ndi zopakidwa bwino, zimatchedwa za Nkhudzi. Mayi woumba mtsuko alibe chikombole, alibe gudumu, alibe choyezera moto. Amadziwa dothi la mtapo polifinya m'manja, amakweza khoma ndi zala ndi chitsononkho, amalipala ndi chigoba, ndipo mtsuko umatuluka wozungulira ngati wayezedwa. Mtsuko wake umachita chimene porcelain sangathe: umatuluka thukuta, madzi n'kuzizira m'mwezi wa October. Si luso lotsika. Ndi luso la moto wina ndi ntchito ina. Koma ndowa zapulasitiki zalowa m'mudzi uliwonse, kuyambira kwa Makanjira mpaka kwa Nthache, ndipo atsikana ofuna kukhala pansi kuphunzira kwa agogo awo akuchepa chaka ndi chaka.

Dothi loyera nalo tili nalo. Ku Linthipe, m'boma lomwelo la Dedza mmene muli Mankhamba, akatswiri a boma oona za miyala anayeza dothi la mtundu wa kaolin lokwana matani mamiliyoni opitirira khumi. Ku Thambani, m'boma la Mwanza, kuli miyala ya nepheline, ya mtundu umene oumba a m'mayiko ena amapera kuti igwire ntchito ya feldspar. Nsangalabwi ndiye timapunthwa nayo m'njira. Fakitale ya Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987 ndipo inadzatsegula nthambi kugombe la Nkhotakota, inasonyeza kuti Amalawi angathe kuumba makapu ndi mbale zowotchedwa pamoto waukulu, zopakidwa galasi ndi kujambulidwa pamanja, zimene alendo amanyamula kupita nazo kwawo. Ziwiya zake ndi zamtundu wolemera, wosadutsa kuwala, osati porcelain, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa kabokosi koyera kopyapyala pali mtunda: kutsuka dothi mpaka chitsulo chithe, magetsi kapena gasi wosadukiza kwa tsiku lathunthu, ndi zaka zambiri zoti wachinyamata aphwanye ziwiya akuphunzira pamene wina akumulipira. Limoges inatenga mibadwo itatu kuti ichoke pa fakitale imodzi yovutika kufika pa mzinda wotchuka, ndipo panali boma limene linaikapo ndalama pachiyambi.

Pakadali pano mbale zathu zikubwerabe ndi njira ya Bocarro. Malole ochokera kudoko la Beira amawoloka Zambezi pa Tete, amakwera ku Zobue, n'kuima pamzere pachipata cha Mwanza, ndipo m'makontena ena muli makatoni a makapu ndi mbale za ku China. Mabasi ochokera ku Johannesburg amadzera pomwepo, ana athu atanyamula mbale za mayi awo zokulungidwa m'mabulangete. Zimakafika ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, n'kukhala m'kabati kudikira alendo a pa ukwati kapena pa sadaka. Wofuna kudziwa ngati kapu ya m'kabati mwake ndi porcelain weniweni aikweze kudzuwa: ngati mthunzi wa zala ukuoneka kuseri kwa khoma lake, ndi yomweyo. Aigogode ndi chikhadabo, ndipo idzalira motalika ngati belu, pamene ya dothi wamba imangoti gu. Akaitembenuza adzapeza kamkombero kapansi kopanda galasi, pamene inakhalira m'ng'anjo, ndipo kamkombero kameneko kayenera kukhala koyera ndi kosalala ngati dzino.

Tizidutswa ta pa Mankhamba n'tochepa kwambiri. Mapale a Mawudzu amene anatizungulira anali zikwizikwi, ndipo ndi amenewo, ndi mizere yake ndi milomo yake, amene anauza wofukula kuti pamalopo pankakhala anthu ati. Mapale otere amatuluka chaka chilichonse pamene tikulima m'minda ya kugombe kapena kukumba maziko a nyumba, ndipo kawirikawiri khasu limawakankhira kumalire a munda pamodzi ndi miyala. Ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, kuli nyumba ya boma yosungira zakale za m'nyanja ya Malawi, ndipo munthu wopita kumeneko ndi phale ayenera kudziwa zinthu ziwiri: malo enieni pamene linapezeka, ndi kuya kwa dothi limene linali pamwamba pake.